Mvula isanagwe ku Kasungu: ntchito ya pakhomo, ya komiti ya m'mudzi ndi ya khonsolo

Ngozi za kuno ku Kasungu sizibwera ndi dzina ngati namondwe wa Freddy amene anasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Zathu zimabwera mobalalika. Lero mphepo ya mkuntho yasasula madenga kwa Wimbe, mawa matalala aboola fodya kwa Kaluluma, mkuja mphenzi yakantha munthu m'munda kwa Santhe. Sizikoka atolankhani, ndipo palibe malole a thandizo amene amanyamuka okha atangomva. Choncho zinthu ziwiri ndizo zimaweruza ngati mudzi upulumuke bwino kapena ayi: ntchito imene yagwiridwa m'chilimwe, ndi lipoti limene lalembedwa tsiku loyamba ngozi itachitika.

Woyenera kuuzidwa ndani

Nkhani za ngozi zogwa mwadzidzidzi zili m'manja mwa nthambi ya boma yotchedwa DoDMA. Kwa zaka zambiri inkayendera lamulo la 1991, lomwe mtima wake unali pa kugawa thandizo ngozi itachitika kale. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano lotsindika kukonzekera ndi kuchepetsa chiopsezo. Paboma pali komiti yotsogozedwa ndi bwanamkubwa, pansi pake pali komiti ya dera la mfumu yayikulu, kenako komiti ya kwa gulupu. Ambiri tikuzitchulabe ndi mayina tinazolowera aja, DCPC ya paboma, ACPC ya kwa mfumu yayikulu ndi VCPC ya kwa gulupu. Okhala m'tauni akumbukire kuti Kasungu ili ndi makhonsolo awiri, ya boma ndi ya manisipaliti, ndiye iwo amadzera kwa mabuloko lida ndi khansala wa wodi yawo.

Vuto lalikulu la makomiti a m'midzi ndi lakuti ambiri amakhala a papepala. Anasankhidwa kalekale pamene bungwe lina linkapereka masikipa, wapampando anapita ku Joni, mlembi anakwatiwa kwina, manambala a foni anafa. Gulupu aitanitse msonkhano mu Seputembala, aone amene alipo, malo a amene anachoka adzazidwe. Mukomiti musasowe mlangizi wa zaumoyo, mlangizi wa ulimi, mphunzitsi, wachipembedzo, wachitetezo cha m'mudzi, achinyamata, munthu waulumali, ndipo amayi akhale ochuluka ndithu, poti ndiwo amadziwa khomo limene muli wodwala kapena wapakati. Kumadera a maesiteti a fodya muikemonso woimira ogwira ntchito m'mindamo. Anthu amenewa kawirikawiri sapezeka m'kaundula wa nyakwawa aliyense, amagona m'tinyumba tosalimba, ndipo polemba mayina ndiwo amayamba kuiwalidwa.

Mapu a mudzi ndi chizindikiro chochenjezera

Nthambi yoona zanyengo imalengeza momwe mvula ya chakacho ikuyembekezeka kugwera dzinja lisanayambe. Mlangizi wa ulimi atenge uthenga wokhudza boma la Kasungu, osati wa dziko lonse, akaufotokoze pamsonkhano. Ulosi umenewu umanena za nyengo yonse, sunena za Lachiwiri likubwerali, ndiye uthenga wa tsiku ndi tsiku wa pawailesi uzimvedwabe.

Pamsonkhano womwewo jambulani mapu a mudzi pansi ndi ndodo, kenako muwakopere papepala lalikulu. Muonetse madambo, mitsinje ndi pamene anthu amawolokera, mijigo, zitsime, sukulu, tchalitchi, mzikiti, njira yopita kuchipatala ndi njira ina yodzera ikatsekeka yoyambayo. Funsani akuluakulu pamene madzi anafika chaka chimene anasefukira kwambiri, ndi mbali imene mkuntho umachokera. Kenako lembani makomo amene eni ake sangathawe okha: agogo, odwala, olumala, ana okhala okha. Khomo lililonse lotere lipatsidwe anthu awiri otchulidwa mayina okalinyamula. Mukangonena kuti achinyamata adzathandiza, usiku wa ngozi aliyense adzaganiza kuti mnzake wapita kale.

Chizindikiro chochenjezera chikhale chimodzi ndipo chisafanane ndi china chilichonse. Ngati chitsulo cha kusukulu chimaitana ana ndipo ng'oma imalengeza maliro, gwirizanani kaimbidwe kena, mwachitsanzo wezulo yoimbidwa katatu katatu osalekeza. Muyesere masana kamodzi mvula isanayambe, anthu ayende mpaka pamalo othawirapo, muone nthawi imene zatenga. Poyesera m'pamene mumatulukira kuti makiyi a tchalitchi amasunga munthu wokhala kutsidya kwa dambo.

Denga

Apa tikhalitsepo, chifukwa kusasuka kwa madenga ndiyo ngozi imene imabwerezabwereza m'boma lino, makamaka ndi mvula yoyamba ya Novembala ndi Disembala. Mphepo sikankha denga kuchokera pamwamba, imalinyamula. Ikamadutsa pamwamba pa malata imawakoka, ndipo ikalowa m'nyumba kudzera pazenera kapena pakhomo lotsegula imawakankhanso kuchokera m'kati. Denga limayamba kubanthuka pangodya ndi m'mphepete, lata limodzi likatukuka ena onse amatsatira.

Ndiye yambani ndi chimene chagwira denga ku khoma. Nyumba zambiri matabwa anangosanjikidwa pamwamba pa njerwa n'kumatidwa ndi dothi. Pomanga, waya wolimba wosachita dzimbiri akwiriridwe m'khoma mizere ya njerwa isanu kapena isanu ndi umodzi kuchokera pamwamba, atuluke n'kukulunga mtanda. Pa nyumba yomanga kale, boolani khoma pamlingo womwewo, lowetsani waya, mumange mtanda uliwonse ndi kupotokola mpaka atakungika. Waya womangidwa pa mzere woyamba wa njerwa ndi wopanda ntchito, denga limapita nazo njerwazo.

Mapaso asatalikirane kupitirira masentimita 90, ndipo ngati malata ndi opyapyala afupikitseni. Pogula malata dziwani kuti nambala ikakwera lata limapyapyala: geji 28 ndi yolimba kuposa 30 kapena 32. Msomali ukhale wa malata weniweni, wa chipewa, ndipo ukhomedwe pamsana wa lata, osati m'ngalande yake momwe mumayenda madzi. M'mphepete, pangodya ndi pamwamba penipeni khomani msana uliwonse. Pakati mukhoza kudumphitsa. Nsonga ya msomali yotulukira pansi pa phaso ipindidwe. Onaninso matabwa ngati chiswe kapena anankafumbwe a mitengo sanawadye, poti msomali wokhomedwa m'thabwa lofumbwa umazuka ndi dzanja.

Pali mkangano umodzi umene amisiri amaudziwa. Khoma la zidina limafuna denga lotulukira kunja kuti mvula isalimenye, koma denga lotulukira kwambiri ndilo limapatsa mphepo pogwira. Njira yake ndi iyi: denga la nyumba lisatulukire kupitirira masentimita 45, ndipo khonde likhale ndi kadenga kakekake kosalumikizana ndi denga lalikulu. Khonde likauluka, nyumba imatsala. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, ndipo la mbali imodzi ndilo lofooka kwambiri. Za miyala ndi njerwa zosanjika pamalata, zichotseni. Sizigwira kanthu mkuntho ukakula, zimangogwera anthu.

Madenga a sukulu, zipatala ndi matchalitchi ndi aakulu, choncho amanyamulidwa mosavuta. Mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu ayendere kalasi iliyonse mu Okutobala, lata lililonse logwedera likhomedwe. Mkuntho ukayamba ana ali m'kalasi, tsekani mazenera ndi zitseko, ana akhale pansi kutali ndi mazenera. Kuwathamangitsira panja pamene malata akuuluka n'kuwapereka ku ngozi.

Khoma, chimbudzi ndi thumba la mapepala

Nyumba za zidina sizigwa ndi mvula ya tsiku limodzi, zimagwa ndi mvumbi. Madzi akaima m'mbali mwa khoma masiku angapo, njerwa zapansi zimafewa, ndipo nyumba imakhala pansi usiku anthu ali m'tulo. Kwezani guwa mozungulira nyumba, kumbani ngalande yopatutsa madzi a kumtunda ndi a padenga. Omanga nyumba yatsopano ayale pulasitiki yokhuthala pakati pa maziko ndi khoma. Mukaona mng'alu ukukula, khoma lanyowa kufika m'chiuno, kapena chitseko chayamba kukanika kutseka, tulukani usiku womwewo mukagone kwa abale.

Dothi la mchenga la madera ambiri a Kasungu limagwetsa zimbudzi. Dzenje lozungulira limalimba kuposa la ngodya zinayi, ndipo mbali ya kumwamba imangidwe ndi njerwa. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime kapena mjigo, mamita osachepera 30.

Pakhomo pakhale thumba limodzi la pulasitiki lomangidwa bwino, lopachikidwa pamalo odziwika kwa onse. Muikemo ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala, masatifiketi a sukulu, mapepala a malo, tochi, machesi, ndi mankhwala a amene amamwa tsiku ndi tsiku monga ma ARV, a TB, a shuga ndi a BP. Mbewu ndi ufa zisakhale pansi, zikwezeni pathandala. Manambala ofunika alembedwe papepala, foni ikhoza kunyowa kapena kutha moto.

Mphenzi ndi mitsinje

Mukaona ching'aning'ani, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi 3 ndi mtunda wa kilomita imodzi. Akakhala ochepera 30, mphenzi ikhoza kukufikani. Siyani khasu, chokani m'munda, m'dambo ndi pabwalo la mpira, musabisale pansi pa mtengo kapena m'chigafa. Lowani m'nyumba, mukhale kutali ndi makoma, zitseko ndi mawaya, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Munthu wokanthidwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi, mugwireni osaopa. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, muyambe kudinikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira uku ena akufuna galimoto. Nkhani yoti mphenziyo watumiza ndani imadyera mabanja nthawi imene ikanapulumutsa moyo, ndipo nthawi zina imathera pa kumenya agogo osalakwa, womwe ndi mlandu kupolisi.

Bua, Rusa, Dwangwa ndi timitsinje tothiramo timadzaza ngakhale pamene muli sikunagwe dontho. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, ndipo ofika theka la mita amakokolola galimoto yaing'ono. Akabaza ndi oyendetsa ngolo asakakamizidwe kuwoloka mlatho womira, chifukwa pansi pake pakhoza kukhala patakokoloka. Masukulu amene ana ake amawoloka mtsinje akhale ndi lamulo lodziwika kwa makolo: madzi akafika pachizindikiro chakuti, ana sawoloka, agona kwa anthu osankhidwiratu kutsidya. Chizindikirocho ndi mtengo kapena chipilala chopakidwa utoto wobiriwira pansi, wachikasu pakati, wofiira pamwamba, ndipo pakhale munthu wochiwerenga m'mawa ndi madzulo.

Wowerengayo akhale ndi nambala ya komiti ya kumunsi kwa mtsinje. Dwangwa amachokera kuno n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota, ndipo kumapeto kwa Febuluwale 2024 anasefukira kumeneko n'kusowetsa anthu ambiri pokhala. Foni imodzi yochokera kumtunda imapatsa a kumunsi maola othawira.

Waya wa ESCOM akagwa, talikirani mamita 10, ikani munthu wobweza ana ndi ziweto, ndipo aliyense amuyese wamoyo mpaka eni ake atafika.

Lipoti la tsiku loyamba

Poyamba pulumutsani anthu ndi kutumiza ovulala kuchipatala. Zikatero, mlembi wa komiti aimbe foni ku ACPC ndi kwa ofisala woona za ngozi kukhonsolo, ndipo lipoti lolembedwa lifike pasanathe maola 24. Musadikire kuti mawerengero akwane. Tumizani zimene mwapeza, munene kuti zina zikubwera.

Lipoti lothandiza limanena chimene chachitika, tsiku ndi ola, mudzi, gulupu ndi mfumu yayikulu. Limasiyanitsa mabanja ndi anthu, chifukwa kulemba kuti okhudzidwa ndi 40 osanena kuti ndi makomo kapena mitu kumasokoneza thandizo lonse. Pa khomo lililonse lembani dzina la mutu wa banja monga lilili pa chiphaso cha unzika, amuna angati, akazi angati, ana osakwana zaka 5, amayi apakati ndi oyamwitsa, okalamba ndi olumala. Nyumba zigawidwe: yagweratu, yagwa mbali imodzi, yasasuka denga. Khitchini, bafa ndi khola zilembedwe padera, zisawerengedwe ngati nyumba zogona. Za m'munda mlangizi alembe mbewu yake, kukula kwa malo, ndiponso ngati ingaphukenso kapena ikufunika kubzalanso. Chimanga chaching'ono chomenyedwa ndi matalala nthawi zambiri chimadzuka, pamene fodya wobooka masamba wataya mtengo wake. Jambulani zithunzi zoonetsa mwini nyumba ataima pa nyumba yake, zitumizidwe pa WhatsApp pamodzi ndi mndandanda.

Chimene chimapha malipoti ndi kukokomeza. Nyumba zagwa zochepa, pamndandanda palowa achibale a amfumu, apongozi a mlembi ndi nyumba zimene zinagwa chaka chatha. Khonsolo imatumiza anthu odzatsimikiza khomo ndi khomo. Akapeza mabodza, mndandanda wonse umabwezedwa, thandizo limachedwa, ndipo ulendo wina mudziwo ukalira zoona anthu amakayika. Mayina awerengedwe pagulu asanatumizidwe, ndipo kope imodzi itsale m'mudzi.

Nawo a kukhonsolo ali ndi mbali yawo. Gulu lotsimikiza lizinyamuka msanga, muli a zaumoyo, ulimi, maphunziro, zomangamanga, chisamaliro cha anthu, apolisi ndi a Red Cross, lipoti lipite ku DoDMA lili limodzi losainidwa ndi bwanamkubwa, osati nthambi iliyonse ndi mawerengero ake. Chimene chimachedwetsa kawirikawiri ndi mafuta a galimoto. Dongosolo la khonsolo lokonzekera ngozi likamaunikidwa mvula isanayambe, mutu wa mafuta, galimoto yake ndi wovomereza ndalama Loweruka kapena usiku zikhale zolembedwa. Dongosolo lopanda ndalama pambali pake silinyamula munthu.

Thandizo loyamba limakhala zinthu monga thumba la chimanga la makilogalamu 50, nyemba, mabulangete, ndowa ndi mapulasitiki ofolera. Boma silimangira aliyense nyumba yatsopano, ndipo ndi bwino anthu auzidwe zimenezi poyera kusiyana n'kuwalonjeza malata. Kugawa kuchitike masana, pabwalo, aliyense asaine kapena kudinda chala. Palibe cholipira, palibe gawo la amfumu kapena la komiti. Wopempha ndalama kapena thupi la mayi kuti amulembe dzina wapalamula mlandu, akanenedwe kupolisi. Nkhanza zokhudza ana zikhozanso kunenedwa pa nambala yaulere ya 116.

Anthu akasonkhana pamalo amodzi

Kuno ambiri amasungidwa ndi abale, ndipo zimenezi n'zabwino, bola alembedwe kuti thandizo liwapeze komweko. Zikavuta mpaka kutsegula msasa, tchalitchi kapena holo ndi yabwino kuposa sukulu, kuti maphunziro asaime. Miyezo yoyendera ndi iyi: malita 15 a madzi pa munthu patsiku, chimbudzi chimodzi kwa anthu 20, amuna kwawo akazi kwawo, ndipo njira ya kuchimbudzi ikhale yowala usiku. Kaundula wa olowa ndi otuluka ayambe tsiku loyamba.

Mdani wa msasa ndi kolera. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unafika m'maboma onse n'kupha anthu oposa 1,700. Madzi akumwa athiridwe klorini pa muyezo umene mlangizi wa zaumoyo wapereka, kapena WaterGuard kachivindikiro kamodzi m'ndowa ya malita 20, n'kudikira mphindi 30. Madzi akakhala amatope, ayambe adikha ndi kusefedwa pansalu yoyera, chifukwa matope amatha mphamvu ya mankhwala. Osatunga ndi kapu yomwera, pakhale kapu yotungira yokha. Munthu akayamba kutsegula m'mimba kwamadzi ngati otsukira mpunga, mpatseni Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala. Thanzi akasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Mchere ukachuluka umavulaza, makamaka ana. Chipatala chilichonse chaching'ono chiwerenge klorini, ORS, madiripi ndi magolovesi mu Okutobala, osati wodwala woyamba atafika.

Ngozi zoyenda pang'onopang'ono

Ng'amba ya mu Januwale kapena Febuluwale, chimanga chikumasula, imawononga chakudya chambiri kuposa mkuntho, koma anthu sainena chifukwa palibe chagwa. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Komiti izilemba masiku amene mvula yadula, mlangizi azitumiza ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'deralo, sabata ndi sabata. Mawerengero amenewa ndiwo amathandiza kauniuni wa MVAC (komiti younika za njala m'dziko muno), amene boma limatsatira pogawa chakudya m'miyezi ya njala. Pamunda, mizere yotseka, kuphimbira ndi mapesi, mbewu zocha msanga, ndi kagawo ka chinangwa kapena mbatata zimachepetsa kugwa kwa banja. Ntchemberezandonda, zimene zakhala nafe kuyambira cha m'ma 2017, zimagonja zikapezeka zili zazing'ono. Yenderani munda kawiri pa sabata chimanga chikangomera, muziyang'ana m'kati mwa nsonga. Mankhwala othira mbozi itakula kale n'kubisala ndi ndalama yotaya.

Midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu ili ndi nkhawa yake. Mu 2022 kunabwera njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo mbewu zikamacha zina zimatulukira m'minda. Komiti ikhale ndi nambala ya msasa wa asilikali a nkhalango umene uli pafupi, mpanda ukaduka anene tsiku lomwelo. Osayandikira njovu, osaiponya miyala, osaizinga gulu, makamaka ya mwana, ndipo kulondera munda wekha usiku n'kuika moyo pachiswe. Zowonongeka zilembedwe monga momwe talongosolera pa lipoti, kope ipite ku nthambi ya zanyama zakutchire, ina kukhonsolo.

Mvula ikatha mu Epulo, komiti ikhalenso pansi ndi mapu aja. Onjezani pamene madzi anafika chaka chino, nyumba zimene zinasasuka ndi chifukwa chake, lipoti linatenga maola angati kufika kuboma, thandizo linatenga masiku angati kubwera. Milatho, makalavati ndi madenga a sukulu ofunika ndalama zambiri alembedwe n'kuperekedwa ku VDC ndi ADC, makomiti a chitukuko a kwa gulupu ndi a kwa mfumu yayikulu, kuti alowe m'dongosolo la chitukuko cha boma. Wogwira ntchito m'boma akasamutsidwa, asiyire womulowa m'malo fayilo yonse: mapu, mayina a makomiti, manambala a foni ndi makope a malipoti. Za waya, misomali ndi malata, mabanja agule nthawi yogulitsa fodya, soya ndi mtedza, ndalama ikadali m'manja, amisiri akhome mu Ogasiti ndi Seputembala matabwa ali ouma.